Lachisanu Limene Tinkafunira Madala Khomo

Ine ndi agalu sitigwirizana, ndipo ndisakunamizeni kuti Dubai anandisintha. Pa katumba wa mwendo wanga wamanzere pali chipsera chimene anandisiyira galu wa aneba ku Chilobwe ndili Sitandade 4, ndikuchokera kogula palafini. Ndiye tsiku limene mayi ena a kutchalitchi kwathu anandiimbira foni kuti ndiwanyamule pa galimoto yanga, iwo ndi galu, ndinayankha mosaganiza n'komwe kuti galimoto ili ndi vuto. Linali bodza lamkunkhuniza. Galimotoyo inali bwinobwino pansi pa nyumba imene ndinkakhala ku Al Twar, itangochita fumbi. Inali nthawi ya mliri wa korona, ndege zambiri zinali zitaima, ndipo ife ogwira ntchito m'ndege tinkangoswera m'nyumba, kudikira kuti mwina atiitana.

Sananditsutse. Anangoti chabwino mwananga, koma foni sanadule. Ndinkawamva akupuma. Ndinapirira pang'ono, kenaka manyazi anandigwira, ndinafunsa kuti kodi galuyo akudwala.

Tonse a ku Malawi ndi a ku Zambia amene tinkapemphera limodzi tinkangowatchula kuti Mayi, chifukwa anali aakulu kwa tonsefe. Kwawo kunali ku Ntcheu. Ankagwira ntchito ya m'nyumba, yogonera komweko, kwa banja lina la azungu ku Al Barsha, ndipo anali atakhala nalo zaka zambiri. Mliri utavuta, abwana awo ntchito inawathera, banja lonse n'kubwerera kwawo. Mayi anawasiya kuti atsirize kulongedza katundu, apereke makiyi kwa mwini nyumba, nawonso akwere ndege Lolemba kubwerera ku Malawi. Chotsala chinali galu. Anali wokalamba, ndipo dokotala wa ziweto anali atanena kuti ulendo wautali wa pandege sangaupirire. Adona anayesa kumulengeza pa intaneti, anayesa kumalo osungirako agalu, koma konse kunali kodzaza poti anthu ochoka m'dzikomo anali ambiri. Ananyamuka akulira, atapangana ndi dokotala uja kuti likafika Lamlungu popanda womutenga, abwere adzamubaye jakisoni woti afe osamva kuwawa.

Tsiku limene ankandiimbiralo linali Lachinayi. Maganizo awo anali oti mawa lake, Lachisanu, lomwe masiku amenewo linali tsiku lopuma, tipite naye kugombe lina limene amalola agalu. Magombe ambiri a ku Dubai salola, koma kumeneko Mayi anali atapitako kangapo ndi banja lija. Anati pa foni anthu amangoona chithunzi cha galu wa imvi n'kupitirira, koma kugombe kumapita anthu okonda agalu okhaokha, akamuona maso ndi maso. Ndinati galimoto ija ndiyesa kuiliza.

Ndinafika ku Al Barsha m'mamawa kusanatenthe. Ndinawapeza ali chilili pageti, atatchena ngati akupita kumapemphero, masiki ali kukamwa. Pambali pawo panali chigalu chachikulu, chaubweya wofiirira, kukamwa konse kuli mbuu ndi imvi. Anali atamusambitsa n'kumupesa. Galuyo anali ndi dzina lake lachizungu, koma Mayi ankangomutchula kuti Madala, ndipo ankamulankhula mwaulemu ngati munthu wamkulu. Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kunena kuti, "Madala, kwerani." Anakwera mwapang'onopang'ono, miyendo yakumbuyo ikutsalira, mpaka Mayi anachita kumukankhirako. Atamuuza kuti akhale pansi anakhala. Ndinafunsa kuti Chichewa anachiphunzira liti. Anati miyezi ija tinatsekeredwa m'nyumba, yomwe ngakhale kukagula buledi timayamba tapempha chilolezo pa foni, azungu ankangokhala m'chipinda chapamwamba pa makompyuta awo, ndipo wocheza naye kukhitchini anali yekhayo.

Njira yonse mpweya wake wotentha unkandiwomba m'khosi. Ndinayendetsa khosi lili gwa, osacheuka.

Koma gombe lija, abale, linandigwira mtima. Pageti mlonda anatiloza kamakina koyezera kutentha pamphumi, ine kenaka Mayi, n'kuwerama kupatsa moni galu asanatiuze kuti yalla, lowani. Kutsogolo kwathu kunali mchenga woyera wosesedwa bwino, ndi nyanja yamchere ili phee, yobiriwira kufupi, yakuda chakutali. Inali miyezi yozizirirako, kamphepo kakuwomba. Ndinali nditatha miyezi ndikupuma mpweya wa m'makina oziziritsa nyumba, moti ndinatsitsa masiki pang'ono kuti ndimve fungo la mcherewo, mpaka Mayi anandiyang'ana ndi diso lija, ndinabweza.

Agalu analipo amitundumitundu. Ena aang'ono ngati mphaka, ena aatali ofika m'chiuno, wina wa nkhope yophwanyika ngati anagunda khoma, wina atavala kajekete koyandamitsa. Panali mipopi yowasambitsira akatuluka m'madzi, mbale za madzi akumwa zitaikidwa pamthunzi, ndi timatumba tapulasitiki topachikidwa pa mtengo. Ndinafunsa ntchito ya timatumbato. Mayi anangondilozera ndi mlomo bambo wina wooneka kuti ndi bwana kwinakwake, wotchi yonyezimira ili pamkono, atawerama akutola chimbudzi cha galu wake, n'kumanga kathumbako bwinobwino kukataya m'bini. Ndinaseka, koma pansi pa mtima ndinachita kaso. Gombe lonselo, ndi agalu onsewo, unkatha kuyenda opanda nsapato osaponda kanthu. Ndipo panalibe ndewu. Kwathu agalu atatu akakumana pamsewu ndiye kuti fumbi libuka. Apa ankangonunkhizana n'kuyamba kuthamangitsana, eni ake ataima motalikirana monga mwa lamulo la nthawiyo, akucheza mokweza mawu kudzera m'mamasiki. Agalu okha ndi amene ankaloledwa kukhudzana.

Mbali ina kunali mpanda wofika mpaka m'madzi, komwe ankawamasula zingwe. Tinalowa kumeneko. Mayi anamasula Madala, iye anayenda mapazi ochepa, n'kudziponya pamthunzi wa ambulera ngati thumba la chimanga, maso n'kutseka.

Mayi anayamba ntchito imene anabwerera. Ndinkaganiza kuti alemba pa katoni kuti galu waulere, koma ayi. Ankapita kwa munthu mmodzimmodzi, n'kuima patali pang'ono, manja ali pamodzi, n'kuyamba ndi moni. Ankafunsa za moyo, za kunyumba, ngati matendawa sanawakhudze, n'kuyamikira galu wa munthuyo, kufunsa zaka zake ndi chimene amadya. Nkhani yeniyeni inkabwera kumapeto, monga timachitira kwathu ukapita kukapempha kanthu pakhomo pa eni. Chizungu chawo chinali chapang'onopang'ono koma chomveka, ndipo anthu ankawamvetsera. Ena ankabwera kudzamuona Madala, kumusisita pamutu. Iye ankangotsegula diso limodzi. Akafunsa zaka zake n'kumva yankho, nkhope zinkagwa. Wina anati nyumba yake ndi yaing'ono, wina anati nayenso sakudziwa ngati ntchito ikhalapo mwezi wamawa. Mtsikana wina anamujambula nati atumiza kwa anzake, inshallah, Mulungu akalola, womutenga apezeka. Mayi ankathokoza aliyense, shukran, n'kupita kwa wina.

Dzuwa linayamba kukwera. Ndinawerenga anthu oposa khumi amene anakana, ndipo mtima wanga unayamba kuwira. Ine ndikapsa mtima pakamwa sipachedwa. Atabwera kudzakhala pansi kuti apume, ndinawauza zonse. Ndinati anthu amene anali pagombepo ambiri anali ndi nyumba zofuna wantchito, ndipo m'malo mofunira galu malo akanadzifunira okha. Ndinati lero ndi Lachisanu lawo lomaliza, anzawo akafika potere amathamanga uku ndi uku kufunsa ntchito, iwo akutaya tsiku ndi galu wa eni, eni akewo ali phee kwawo akumwa tiyi. Ndinanenanso zina zimene sindingazibwereze.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Mwananga, ine ndili ndi kwathu. Ndikatsika ndege Lachiwiri pali anthu ondidikira. Nanga awa kwawo n'kuti?"

Iwo anadzuka, anatola mbale n'kupita kumpopi kukatungira galu madzi, kundisiya ndekha ndi Madala.

Apa m'pamene ndinachita zimene mpaka lero ndikazikumbukira ndimadzigwira kumaso. Agalu awiri aakulu, akuda bii, amene ankathamangitsana m'mbali mwa madzi, anatembenuka n'kulunjika kumene ndinaima. Mwina ankangodutsa, sindikudziwa. Ndipo thupi linachita lokha chimene mwana aliyense wa ku Malawi amachidziwa asanayambe sukulu: galu akamakubwerera, werama ngati ukutola mwala. Sufunikanso kukhala ndi mwalawo. Galu wa kwathu akangoona msana ukupindika, dzanja likupita pansi, amadziwa chotsatira, amatembenuka mchira uli pakati pa miyendo. Njira imeneyi inali isanandigwiritsepo mwala chilumidwireni.

Ndinawerama. Agalu aja m'malo mothawa anawonjezera liwiro. Ena amene anali chapatali ataona anabweranso. Posakhalitsa ndinali pakati pa agalu asanu kapena asanu ndi mmodzi, akudumphadumpha, malilime ali panja, michira ikugwedezeka, maso onse ali pa dzanja langa. Agalu a kumeneko chibadwire sanagendedwepo. Kwa iwo munthu akawerama kutola kanthu ndiye kuti masewera ayamba, aponya kuti iwo akatole. Ine zimenezo ndinkazidziwira kuti? Ndinkangokuwa m'Chichewa kuti choka, tiye uko, iwo n'kumasangalala kwambiri. Dzanja langa linali litagwiradi kanthu mumchenga, kampira kakale konyowa kamene wina anakataya. Ndinakaponya ndi mphamvu zanga zonse kunyanja kuti andichoke.

Onse anathamangira komweko. Ndipo chinthu china chachikulu chinandipyola m'miyendo, pang'onong'ono kundigwetsa. Anali Madala. Galu amene tinachita kumukankha kuti akwere galimoto uja anathamanga mokhotakhota, miyendo yakumbuyo ikuponyedwa mbali imodzi, n'kudziponya m'madzi. Kampira kanali katagwera patali ndithu. Agalu achinyamata aja atafika pozama anayamba kukayika, ena anabwerera, koma iye anangopitirira. M'madzi ukalamba wonse unamuchoka. Ankasambira mosapupuluma, mutu wokha uli pamwamba, madzi akugawanika pambuyo pake mwaudongo, ngati munthu amene ntchito yake amaidziwa ndipo safuna kuonetsera. Anakaluma kampira kaja, anatembenuka, n'kubwerera chimodzimodzi. Anthu anasiya kucheza n'kumaonerera. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero chikuchitidwa ndi galu, ndipo ndikunena ine amene sindiwakonda.

Atatuluka anadzikutumula, madzi n'kundithira thupi lonse, ndipo anaika kampirako pamapazi anga n'kukhala pansi kundiyang'ana. Ena anawomba m'manja. Nditacheuka ndinaona Mayi ataima ndi mbale ya madzi, theka atataya, akuseka mpaka misozi kunyowetsa masiki. Anali ataona zonse kuyambira pa kuwerama paja, ndipo anadziwa bwino chimene ndinkafuna kuchita.

Ndikupukutabe nkhope, kunabwera bambo wina wachikulire wa ku India, wa tsitsi loyera, akazi ake akutsatira pambuyo ndi ndodo yoyendera. Ku Dubai bambo wotere timangomutchula kuti ankolo. Anafunsa ngati galuyo anali wanga. Ndinakana msangamsanga n'kuloza Mayi. Ankolo aja anafotokoza kuti iwo amabwera Lachisanu lililonse opanda galu, kudzangoonerera a anzawo. Wawo anafa mliri usanayambe, ana awo ali kumaiko ena ndipo sakanatha kubwera, nyumba inangoti zii. Akazi awo ankakana kagalu kakang'ono chifukwa cha mawondo, sangathamange nako. Anali atamva kwa anthu ena pagombepo kuti pali mayi amene akufunira galu wokalamba malo, koma poyamba atamuona atagona anaganiza kuti ndi wodwala.

Mtima wanga unati myaa. Ndinkayembekeza kuti Mayi angopereka chingwe, khalas, zatha, tizipita. Koma iwo anayamba kunena zoipa zonse za galuyo. Anati chiuno chimamuvuta m'mawa, amamwa mankhwala tsiku lililonse ndipo amawalavula ukapanda kuwabisa m'chakudya, amachita nkonono, ubweya umathothoka nyumba yonse, ndipo masiku ake otsala sangakhale ochuluka. Ndinawatsina pamkono. Anandichotsa dzanja osandiyang'ana.

Atatha pamenepo anayamba mafunso. Nyumba yawo ndi yapansi kapena yam'mwamba? Masana pamakhala ndani? Nyengo yotentha adzagona kuti? Iwo akadwala, adzamuyang'anira ndani? Nanga nawonso akadzaganiza zobwerera kwawo ku India? Ndinazindikira kuti zimene ndikuonazi ndi za ankhoswe, zofunsa mbali ya mwamuna asanapereke mwana. Ankolo aja ankayankha limodzilimodzi, mutu ukugwedezeka, akuvomera m'chiyankhulo chawo kuti acha, acha. Pa funso lomaliza anayankha akazi awo. Anati akhala m'dzikomo zaka zambiri, ndipo akadzachoka galuyo ali moyo sadzamusiya m'manja mwa wantchito kuti aone chochita.

Mayi anagwedeza mutu, kenaka ananena kuti akufuna akaone nyumbayo, lero lomwe. Apa ndiye ndinawalankhula m'Chichewa mano ali okukuta. Ndinati nthawi ya matenda ino palibe amene amalowetsa mlendo pakhomo, anthuwa ndi okalamba, akhumudwa atisiya pompano, ndipo wina sapezekanso. Anandiyankha motsitsa kuti ngati akana ndiye kuti si oyenera, ndipo sangapereke Madala kumalo kumene sanakuone ndi maso awo. Ndinayang'ana kumbali, ndikudikira kumva anthu aja akutsanzika. M'malo mwake ndinamva mayi wa ndodo uja akuseka, akuuza amuna ake kuti mayi awa ndi ofanana ndi malemu amayi ake. Anati titsatire galimoto yawo, adzatsegula zitseko zonse ndi mawindo, tonse tikhala ndi mamasiki.

Nyumbayo inali cha ku Jebel Ali, yaing'ono, yapansi, yokhala ndi kabwalo ndi mtengo wa nimu pakona. Mayi anaizungulira yonse. Anagwedeza geti kuona ngati imatsekeka, anayeza ndi phazi mpata wa pansi pake, anaima pansi pa mtengo kuyang'ana kumene mthunzi umagwera. M'nyumba anavula nsapato n'kupondaponda matailosi, nati ndi oterera, miyendo ya Madala siingalimbe, pafunika kuyala kapeti kuyambira pakhomo mpaka pogona. Ankolo aja anapita kuchipinda n'kubweretsa kapeti nthawi yomweyo. Ine ndinangoima pakhomo, manyazi a mawu anga aja akundidya. Munthu ameneyu analibe ntchito, analibe chilichonse m'dziko limenelo kupatula masutikesi awiri, koma ankayendera nyumba ya eni ngati wolamula, ndipo eni akewo ankamumvera.

Anapempha pepala n'kulembapo nthawi ya mankhwala, chakudya chimene chimamutsegula m'mimba, ndi mawu atatu a Chichewa amene amawamva msanga kuposa achizungu: bwerani, khalani pansi, basi. Anawaphunzitsa katchulidwe kake mpaka ankolo aja atanena kuti bwerani, Madala anadzuka n'kupita. Ndinaona nkhope ya Mayi ikusintha pamenepo.

Kenaka anagwada pakapeti paja, anagwira mutu wa galuyo ndi manja awiri, n'kumulangiza monga amalangizira mwana wopita kubanja. Sanakweze mawu, koma ndinamva zina. Anamuuza kuti pano ndi pakhomo pake tsopano, asakwere pamipando, asakane chakudya, asavutitse amayi a ndodowa pokoka chingwe. Anamasula chitenje chimene anali nacho m'chiuno, anachipinda kanayi n'kuchiyala pakona pamene adzagone. Anamuuza kuti akhale pansi, anakhala. Anatsanzika eni nyumba, anakana tiyi, ndipo anatuluka osacheuka.

Titalowa m'galimoto ndinachedwa kuliza injini. Kuseri kwa geti kunkamveka kulira kwapansipansi ndi zikhadabo zikukanda chitsulo. Ndinawafunsa ngati akufuna kubwerera kamodzi kokha.

"Yendetsa, mwananga. Akamva kuti tidakali pano sadya."

Ndinayendetsa. Tinayenda mpaka pamsewu waukulu, pamene anandiuza kuti ndiime pambali. Anatsika, anaima kumbuyo kwa galimoto atandifulatira, n'kulira mokweza ngati pamaliro, malole a kudoko akudutsa ndi phokoso lawo. Ndinawasiya alire. Atabwerera anapukuta nkhope, anavala masiki ena ouma, n'kundipempha kuti ndiwaimbire dokotala wa ziweto uja, ndimuuze kuti Lamlungu asabwere.